Ulusi wa galasi umene umatilumikiza ndi kwathu

Amene tinachoka kwathu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 tikukumbukira mmene kuimba foni kumudzi inalili ntchito. Munthu unkagula kakhadi m'sitolo, n'kukala pamene pabisika manambala, ndipo mphindi zolembedwa pakhadipo zinkatha malonje ali mkati. Nkhani za matenda, maliro ndi fizi zinkakambidwa mwaphuma ngati wina akukupirikitsa. Lero mwana wobadwira ku Leeds kapena ku Johannesburg amaonetsa agogo ake dzino loguluka pa WhatsApp, agogowo ali phee pakhonde ku Ntcheu, popanda wodabwa. Ambirife timayesa kuti mawu athu amauluka mumlengalenga, koma mbali yaikulu ya ulendowo amayenda pansi pa nyanja, mu ulusi wa galasi woonda ngati tsitsi.

Munthu amene anatsegula njirayi anali mlendo m'dziko la eni monga ife tomwe. Charles Kao anabadwira ku Shanghai m'chaka cha 1933, anakachita maphunziro a zamagetsi ku Woolwich Polytechnic mumzinda wa London, kenaka anagwira ntchito yofufuza ku Standard Telecommunication Laboratories m'tauni ya Harlow. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Zoti kuwala kungayende motsata njira yokhota zinali zodziwika kale. M'zaka za m'ma 1840, Daniel Colladon wa ku Geneva anaonetsa kuti kuwala kumatsata madzi otuluka pachibowo cha chidebe, kukunjanja m'kati mwa madziwo osatulukira kunja. Galasi nalo limachita chimodzimodzi. Vuto linali lakuti kuwala kunkazilala msanga: mu ulusi wa masiku amenewo, pakangotha mamita 20, kunkatsala gawo limodzi lokha mwa magawo 100. Wotere ungathandize dokotala kusuzumira m'mimba mwa wodwala, koma sungafikitse uthenga ngakhale kutsidya kwa msewu waukulu wa m'tauni. Akatswiri ambiri anangoti ndi mmene galasi lilili, n'kutembenukira kwina.

Kao, pamodzi ndi mnzake George Hockham, anafunsa funso limene ena analilumpha: kodi chimene chikumeza kuwalaku ndi galasilo, kapena ndi zinthu zina zimene zili m'galasimo? Atayeza magalasi amitundumitundu anapeza kuti wolakwa ndi zitsotso, makamaka timbali ta chitsulo tosaoneka ndi maso. Mukayang'ana galasi la pawindo cham'mphepete mudzaona kuti ndi lobiriwirako. Chimenecho ndicho chitsulo. M'chaka cha 1966 awiriwa analemba kuti galasi litayeretsedwa mpaka gawo limodzi mwa 100 la kuwala lizifika pa kilomita yathunthu, ulusi wake ungalowe m'malo mwa mawaya amkuwa. Galasi lotero panalibe amene anali atalipanga, choncho Kao anayenda m'mayiko kukopa opanga magalasi kuti ayese. M'chaka cha 1970, Robert Maurer, Donald Keck ndi Peter Schultz a kampani ya Corning ku America analipanga. Mu ulusi wamakono, magawo pafupifupi 95 mwa 100 amakhala akadalipo pakutha pa kilomita.

Chingwe choyamba cha mtunduwu chowoloka nyanja ya Atlantic chinayamba ntchito mu 1988. Kugombe la kum'mawa kwa Africa zinachedwa: SEACOM inafika mu 2009, EASSy mu 2010, ndipo Malawi, popeza sagunda nyanja yamchere, amalumikizidwa kudzera ku Mozambique ndi ku Tanzania.

Chaka chomwecho cha 2009, patapita zaka 43 chilembereni nkhani ija, Kao anapatsidwa mphoto ya Nobel. Apa ndi pamene mbiriyi imandikhudza ine monga wogwira ntchito yothandiza mabanja. Mphotoyo inampeza akudwala kale nthenda ya Alzheimer, imene imawononga ubongo pang'onopang'ono mpaka munthu kuiwala ndi kusowa mawu. Amene anathandiza dziko lonse kulankhulana anali atayamba kuvutika kulankhula. Mkazi wake, Gwen, sanamubise m'nyumba. Anapita naye ku Stockholm, iye analandira yekha mphotoyo m'manja mwa mfumu ya Sweden, ndipo mawu amene wolandira mphoto amayenera kupereka anawawerenga ndi mayiyo. Mu 2010 banjali linakhazikitsa bungwe lothandiza odwala nthendayi ndi owasamala ku Hong Kong, kumene Kao anamwalirira mu 2018 ali ndi zaka 84.

Ndanena izi chifukwa ife nthendayi timaichitira manyazi. Gogo akayamba kusochera panjira yopita kudimba kwawo komwe, kapena kutcha mdzukulu dzina la malemu, kumudzi kumamveka manong'onong'o akuti alodzedwa, mwinanso akuti mfiti ndi iwowo. Ife akunja timatumiza ndalama n'kukhala chete, ndipo amene akusamala wodwalayo usana ndi usiku sitimufunsa n'komwe ngati wagona. Nthendayi ilibe mankhwala ochiza, koma kupita ndi wodwala kuchipatala kumathandiza, pakuti kuiwala kwina kumabwera ndi matenda ena ochizika.

Mayi wina amene ndinakumana naye pantchito amaimbira foni amayi ake Lamulungu lililonse. Papita chaka tsopano asakumuzindikira, ndipo amamupatsa moni waulemu ngati mlendo. Iye amavomera moniwo, amafunsa za mvula ndi za nkhuku, kenaka amapempha mng'ono wake amene akugwirizira foniyo kuti aitembenuze, ayambe kucheza awiri.