Arthas mumamudziwa, nanga Mlowoka?

Kodi Arthas analakwa kupha anthu a mumzinda wa Stratholme? Ngati simunasewerepo Warcraft III, funsoli lilibe mutu kwa inu. Koma kwa amene anaisewera, uwu ndi mlandu umene sunagamulidwebe chiyambire 2002 pamene kampani ya Blizzard inatulutsa gemuyi. Arthas ndi mwana wa mfumu ya dziko la Lordaeron. Akufika ku Stratholme, akupeza anthu adya kale tirigu wa mliri, ndipo aliyense amene wadya asanduka mtembo woyenda, msilikali wa adani. Iye akulamula kuti onse aphedwe asanasanduke. Mphunzitsi wake Uther akukana, bwenzi lake Jaina akumusiya. Wogwetsa nyumbazo imodziimodzi ndi iwe amene, wosewera.

Mkangano umenewu ndaumvapo kangapo kuno ku Livingstonia, pakati pa anyamata ndi atsikana a payunivesite, Chitumbuka, Chichewa ndi Chingerezi zili pwirikiti. Ena amati panalibenso njira ina, nthawi inali itatha. Ena amati mtima wa Arthas unali utawola kale, umboni wake ndi woti pambuyo pake anatenga lupanga la Frostmourne n'kukapha bambo ake omubereka, mfumu Terenas. Oyambawo amabweza kuti simungaweruze zadzana ndi zimene munthu anachita mawa lake. Mukawamvetsera mutha kuyesa kuti ndi pabwalo la milandu.

Osewera ali nalo dzina la zinthu zoterezi. Amati lore, kutanthauza mbiri ya dziko la m'gemu, zonse zimene zinachitika iwe usanayatse foni kapena laputopu: anabereka mnzake ndani, nkhondo inayamba bwanji, ufumu unagwa chifukwa chiyani. Alinso ndi mawu ena awiri. Canon ndi mbiri imene eni gemu aivomereza kuti ndiye yeniyeni. Retcon ndi pamene eniakewo abwerera m'mbuyo n'kusintha zimene ananena kale.

Makolo akamva izi amangoti ana awa akutha bandulo pa zinthu zopanda pake. Ine sindivomereza. Munthu wokangana za lore amafunsa mafunso atatu: wanena ndani, wanena liti, nanga akupindulapo chiyani? Amadziwa kusiyanitsa zimene zili m'gemu, zimene zili m'buku lotsagana ndi gemu, ndi zimene wina wangolota pa YouTube. Amenewa ndi mafunso omwewo amene akatswiri a mbiri yakale amadyera. Vuto langa ndi limodzi: luso lonseli tikulithera pa mbiri ya eni.

Ndikuti ya eni chifukwa lore ili ndi mwini, ndipo mwini amachita nayo zimene wafuna. Mu Warcraft yoyamba ya 1994, mtundu wa ma orc unali chabe adani olusa ochokera kudziko lina kudzawononga. Pofika 2002 nkhani inali itasintha: atsogoleri awo anamwa magazi a chiwanda chotchedwa Mannoroth ndiye chifukwa analusa, ndipo Thrall, amene anakulira mu ukapolo, akutsogolera anthu ake kukafuna malo awoawo. Kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham inachita zoposa apa. Mu 2015 inangoliphwanya dziko lonse la Warhammer Fantasy, limene anthu analiloweza kwa zaka zoposa 30, n'kuyambitsa lina la Age of Sigmar. Okonda dziko lakalelo analira mokweza, ndipo mu 2024 kampaniyo inalibwezeretsa ndi dzina loti The Old World.

Ngakhale Clash of Clans, imene ambiri tili nayo m'mafonimu, ili m'gulu lomweli. Inatuluka mu 2012, koma pokondwerera zaka khumi mu 2022, kampani ya Supercell ya ku Finland inapanga kanema wanthabwala wonamizira kuti gemuyi inayamba mu 1982, n'kupanganso timagemu tooneka ngati takalekale kuti tikhale umboni. Zinali zoseketsa, komabe phunziro lilipo: zakale zimapangika, ndipo zikapangidwa mwaluso zimaoneka ngati zenizeni.

Tsopano tabwerani kuno ku Khondowe, phiri limene lili pamwamba pa nyanja ndi mamita pafupifupi 900. A Robert Laws anasamutsira mishoni kuno mu 1894, atayesa ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Sukulu imene anatsegula, Overtoun Institution, inatulutsa aphunzitsi, akalaliki, amisiri ndi abusa. Chimene sitimachitchula kawirikawiri ndi chakuti inatulutsanso anthu oyamba kulemba lore ya dera lino.

Nkhani yake ambiri a ku Rumphi amaidziwa pamtima. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, gulu la amalonda linawoloka nyanja kuchokera kum'mawa. Mtsogoleri wawo anamutcha Mlowoka, poti kulowoka m'Chitumbuka ndiko kuwoloka. Ankafuna minyanga ya njovu, imene eni dziko sankaiwerengera kwenikweni, ndipo ankapereka nsalu, mikanda ndi makasu. Anakhazikika ku Nkhamanga, anakwatira m'mabanja a eni nthaka, ndipo m'banja lake munatuluka ufumu wa Chikulamayembe. Dzinali anthu amalimasulira kuchokera ku Chiswahili, mawu onena za kunyamula makasu. Angoni a M'mbelwa atafika m'zaka za m'ma 1850, ufumuwu unasweka. Mpaka lero anthu amasonkhana ku Bolero chaka ndi chaka pa mwambo wa Gonapamuhanya kukumbukira chiyambi chimenechi.

Funso la wosewera lija nali: wanena ndani? Mmodzi mwa oyamba kuilemba anali a Saulos Nyirenda, amene anaphunzira ku mishoni ya Livingstonia. Mbiri yawo ya Atumbuka ndi Ahenga inasindikizidwa mu 1931 itamasuliridwa ndi m'mishonale T. Cullen Young, amene naye anatulutsa buku lake la mbiri ya Atumbuka ndi Akamanga mu 1932. M'mabuku amenewa ufumu wa Chikulamayembe ukuoneka waukulu, wogwirizanitsa anthu ambiri olankhula Chitumbuka, mpaka pamene nkhondo inausokoneza. Imeneyi inakhala canon, ndipo ana a sukulu anailoweza.

Wanena liti? Apa ndiye pokoma. Boma la atsamunda linabwezeretsa ufumuwu mu 1907 poika a Chilongozi Gondwe pampando. M'zaka zotsatira, anthu ophunzira monga mbusa Edward Bote Manda wa kuno ku Livingstonia ankalimbikira kuti mpandowu upatsidwe mphamvu zambiri. Mbiri inkalembedwa nthawi yomweyo imene anthu ankakambirana ndi boma za malire ndi ukulu wa mafumu. Pa nthawi yotere, buku la mbiri limakhala ngati mboni pa mlandu.

Kenako kunabwera wotsutsa. Mu 1972 katswiri wa ku America, Leroy Vail, atayenda m'midzi kufunsa mabanja osiyanasiyana, analemba kuti Atumbuka akale ankakhala m'magulu odziyimira paokha, ndipo mphamvu ya Mlowoka ndi adzukulu ake inali makamaka ya malonda, yozungulira Nkhamanga ndi madera oyandikana nawo. Kwa iye, ufumu waukulu uja unakula kwambiri papepala kuposa pansi. Kodi imeneyi ndi retcon, kapena ndi kukonza zimene olemba oyamba anakometsera? Anthu a ku Bolero ali ndi yankho lawo, a m'mayunivesite ali ndi lawo, ndipo mkanganowu ndi wokoma kuposa wa Stratholme chifukwa umboni wake ukadalipo woti n'kuufufuza.

Mbali ina nayonso inalemba. Mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni, wophunzira wa mishoni yomweyi, analemba mbiri ya Angoni imene inatuluka m'Chingerezi mu 1942 ndi dzina loti My Ngoni of Nyasaland. M'menemo Angoni ndi anthu a malamulo, ulemu ndi dongosolo, amene anayenda ulendo wautali kuchokera kumwera ndi Zwangendaba, n'kuwoloka Zambezi mu November 1835 dzuwa litadetsedwa. Sukulu imodzi, ophunzira awiri, zaka zofanana, koma nkhani ziwiri. Amene buku lina likumutcha wowononga, buku linalo likumutcha womanga. Opanga magemu zinawatengera zaka kuti azindikire kuti mdani nayenso ali ndi kwawo. Kuno a Nyirenda ndi a Chibambo anatisonyeza kale.

Ndiye pali amene sanalembe n'komwe. Aphoka, eni mapiri ano, ankasungunula chitsulo m'ng'anjo n'kusula makasu mishoni isanabwere. Tsikirani ku mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125, mukaona phanga kuseri kwa madziwo. Aliyense akuuzani kuti anthu ankabisala m'menemo. Koma ankathawa yani? Wina akuuzani kuti Angoni, wina akuuzani kuti ogula akapolo. Wosewera wochenjera sangangovomera. Afunsa kuti phangalo lingalowe anthu angati, chakudya ankachitenga kuti, ankakhalamo masiku angati, nanga ndi banja liti limene limakumbukira agogo awo amene analowamo. Mukamakwera msewu wa Gorodi kuchokera ku Chitimba, ndi makona ake pafupifupi 20 aja, maso a munthu wozolowera mapu a gemu aona okha chifukwa chimene anthu ankathawira pamwamba.

Koma chenjerani, anzanga, pali kusiyana kwakukulu. Mukalakwitsa za Arthas palibe amene agone ndi njala. Mbiri yathu ili ndi malo, mipando ndi maina a anthu amoyo. Themba la Mathemba Chikulamayembe, a Walter Gondwe, atamwalira mu 2018, nkhani ya wolowa m'malo inafika mpaka kukhoti, ndipo pakati pa mkanganowo panali mafunso a lore enieni: nyumba iti ikuchokera kwa yani, ndipo mwambo umati ufumu uziyenda bwanji. Palibe kampani imene ingatulutse chikalata n'kunena kuti canon ndi iyi, basi khalani chete. Ndiponso mbiri ikagwera m'manja mwa wopusa pa WhatsApp imasanduka chitonzo: awa anali akapolo a awa, awa ndi obwera. Zimenezo si luso, ndi uchitsiru wovala jekete. M'gemu mutha kusankha mbali n'kuithira nkhondo inayo. Kuno mbali zonsezo zinakwatirana kalekale, ndipo ambiri a ife tili ndi agogo uku ndi uku.

Kusiyana kwina ndi kwakuti lore ya Blizzard ili pa intaneti, sidzasowa. Yathu yambiri ili m'mitu ya anthu amene akukalamba. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalonso limauma. Gogo mmodzi akapita, mayina a midzi yakale, nyimbo za pamtondo ndi njira za m'mapiri zimapita naye.

Foni yomweyo imene mumamangira mudzi wa Clash of Clans ili ndi chojambulira mawu, ndipo sichidya bandulo. Mukapita kumudzi pa holide, khalani pansi ndi agogo, apempheni chilolezo, muwajambule m'chilankhulo chawo, kaya Chitumbuka, Chitonga, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chichewa. Yambani ndi zosavuta: mfunda wathu unachokera kuti, mudzi uno anauyamba ndani, tisanabwere pano tinali kuti. Lembani tsiku, malo ndi dzina la wolankhula. Musawadule mawu ngakhale akusemphana ndi zimene munawerenga ku sekondale. Kenako kafunseni wa banja lina funso lomwelo. Zikasiyana musakhumudwe, pamenepo ndiye pamene pali ntchito. Sungani mawuwo malo awiri, poti mafoni amabedwa ndipo amagwera m'madzi. Amene muli pafupi, lowani mu Stone House, nyumba ya miyala imene munkakhala a Laws, imene lero ndi yosungiramo zinthu zakale. Onani zithunzi ndi makalata, ndipo pa chithunzi chilichonse mufunse kuti anthu akuda aimirira kumbuyowo mayina awo ndani.

Sindikuti musiye magemu, ayi. Mu 2015 opanga Age of Empires II anawonjezera gawo la The African Kingdoms, muli a ku Mali, a ku Ethiopia ndi ma Berber. Anatha kutero chifukwa mbiri ya maufumu amenewo inalembedwa mokwanira kuti munthu wa kutali aipeze. Tsiku limene wina, kaya wa ku Mzuzu kaya wa kunja, adzafune kupanga gemu ya amalonda a minyanga, osula makasu a m'mapiri ndi mabutho a Angoni m'chigwa cha Henga, adzatola zimene zalembedwa basi. Akadzapeza mabuku awiri atatu okha a zaka za m'ma 1930, Aphoka adzakhala mitengo ya m'mphepete mwa mapu, ndipo amayi sadzaonekamo n'komwe.

Agogo anu akudziwa dzina la amayi a agogo awo. Afunseni Lamulungu likubwerali.