Mapepala atilemetsa kuno ku Samar

Abale, kodi munthu azikhala ndi mapepala angati kuti boma livomere kuti alipo? M'katauni kathu kano, pachilumba cha Samar ku Philippines, tonse timadziwana. A kapitani a barangay yathu, kapena kuti mudzi wathu, amadya nafe pa ubatizo wa ana athu, ndipo ena mwa alembi a ku ofesi ya a meya tinaphunzira nawo kalasi imodzi. Koma mukangofika pawindo, funso ndi lomwe lija: "Sedula muli nayo?"

Sedulayo, kapepala kosonyeza kuti munthu walipira msonkho wa m'dera, payokha si yodula. Lamulo la maboma aang'ono la 1991 limati munthu azilipira mapeso 5, n'kuwonjezerapo peso imodzi pa mapeso 1,000 alionse amene anapeza chaka chathacho. Chotipweteka ndi ulendo wake. Timabuku ta sedula tikatha kwa msungichuma wa barangay, basi, konzekani wa ku poblacion kumene kuli maofesi. Njinga yamoto ya habal-habal imakudyerani ndalama zoposa msonkhowo kambirimbiri, tsiku lofula kokonati lapita, ndipo mukachedwa mpaka February kutha, pabwera chiwongoladzanja. Mu August 1896, Andres Bonifacio ndi anzake anang'amba masedula a Asipanya pamaso pa anthu. Ife zidzukulu zawo tikuimabe pamzere kufuna kapepala ka dzina lomwelo, ndipo zimatiwawa ndithu.

Chikhala kuti ndi sedula yokha, bwenzi tikungopirira. Koma pepala lililonse limabala linzake. Sedula imakutsegulirani kalata ya ku barangay, kalatayo imakutumizani kupolisi, apolisi akufuna chiphaso chokhala ndi chithunzi. Mwana akadwala, kuti tipemphe thandizo la kuchipatala tiyambe tapeza kalata yotsimikiza kuti ndife osauka. Kodi denga lathu la masamba a nipa silikuoneka? Mu 2019 anakhazikitsa lamulo loti wofuna ntchito koyamba asamalipire mapepala amenewa. Tinasangalala, ndipo n'lothandizadi, koma kuti mwana alandire zaulerezo, ayambe wakatenga kalata ina ku barangay yonena kuti akufunadi ntchito koyamba.

Nanga za mayina olakwika? Apa mpamene ambiri timagwetsa misozi. Mlembi wina kalekale analemba chilembo chimodzi molakwika pa kalata yakubadwa, ndiye mwana wamaliza sukulu, wapeza mwayi wa ntchito ku Manila kapena ku Hong Kong, n'kungouzidwa kuti dzina la pa setifiketi ya sukulu silikugwirizana ndi la ku PSA, ofesi ya boma yosunga kalata zakubadwa. Inde, kuyambira 2001 cholakwika chotere chimakonzedwa popanda kupita kukhoti, koma pamafunika mapeso 1,000, kalata ya ubatizo, mapepala a kusukulu, kenako kudikira. Wolakwitsa ndi wina, wolipira ndi ife. Mlimi wa kokonati adzagulitsa makilogalamu angati a kopra, kokonati wouma, kuti awongole chilembo chimodzi?

Ndiye taphunzira kudzithandiza, mukudziwa kale inu. Chichitikireni namondwe wa Yolanda mu 2013, mapepala athu amagona m'majumbo apulasitiki awiri kapena atatu, omangidwa pa mtanda wa denga, pamwamba kuposa thumba la mpunga. Mmodzi akamapita ku poblacion, mudzi wonse umamusenzetsa maenvulopu, ndipo amakwera habal-habal atakumbatira nkhani za mabanja asanu ndi limodzi. Kwa wojambula zithunzi kuli shati imodzi ya kolala imene amuna onse a kuno anajambulitsa atavala, moti pa ziphaso zathu timaoneka ngati ana a bambo mmodzi. Pakhomo polembedwa kuti wovala masilipasi asalowe, nsapato imodzi imalowa ndi kutuluka kangapo m'mawa umodzi, mapazi okha ndi amene amasintha. Ena amanyamula agogo, poti okalamba ali ndi mzere wawo wachangu, ndipo agogowo sabwerera kumudzi asanawagulire buledi wa pandesal ndi khofi.

Alembi aja sitikuwada ayi. Nawonso ndi ana a kuno, amagwira ntchito ndi kompyuta yomwe imazima magetsi akangothima, ndipo katauni kosauka ngati kathu kamadalira gawo la msonkho lochokera ku boma lalikulu, lomwe theka lake amaligawa potengera chiwerengero cha anthu. Ife ndife ochepa, ndipo achinyamata akupitabe kunja.

Pempho lathu n'laling'ono, a meya ndi makhansala athu. Mwezi uliwonse tumizani mlembi mmodzi, chidindo ndi buku la malisiti ku barangay zakutali, akhale pabwalo la basiketibolo tsiku lathunthu, atilembere zonse pamodzi. Njira ya kumudzi kwathu mumaidziwa bwino, chifukwa chisankho cha mu May 2025 chisanachitike munafika nyumba ndi nyumba, ngakhale za kutsidya kwa mtsinje. Tikupempha kuti chidindocho chiyendenso njira yomweyo chisankho cha 2028 chisanafike.