Netiweki ikathawa tisathamangire kugula foni ina

Abale anga, intaneti ikadula pakhomo tisathamangire kwa okonza mafoni kapena kugula rauta ina. Ndalama ya feteleza imathera pamenepo. Yambani mwaona ngati bandulo ilipo komanso ngati batire la sola lili ndi moto. Zimitsani, muyatsenso. Ikakanabe, chotsani simu muyike mu foni ya mnzanu. Ikagwira m'menemo, chodwala ndi chipangizo chanu. Ikakananso, funsani anzanu a kampani yomweyo. Iwo zikamawayendera, simu yanu ndiyo yafa. Onse akamadandaula, vuto lili ku nsanja ya netiweki, mwina magetsi athima kumeneko. Apo musataye kobiri, tiyimbire kampaniyo tonse, paja mutu umodzi susenza denga. Inu a m'tauni, tikakhala zii musamati takwiya ayi!