Sami Sohail, mnyamata wosenza katundu wa anthu awiri

Afunseni anyamata a kabaza pa Manja kuti atchule osewera a Bullets kapena Wanderers. Akutchulirani mpaka amene adapachika nsapato kalekale. Koma mukangoti Sami Sohail, akuyang'anani ngati mukufunsa nyumba ya mlendo amene wasamukira m'deralo dzulo. Chonsecho mnyamata ameneyu wakhala akuvala yunifomu ya dziko lino kuyambira mu November 2019, pamene timu yathu ya kiriketi idakumana ndi Mozambique mumpikisano wa Kwacha Cup n'kupambana. Nthawi imeneyo n'kuti iye asanakwanitse zaka 18.

Ndiyambe ndafotokoza ntchito yake, poti ambiri a ife masewerowa timangowaona pa kanema tikamadikira nkhani. Timu imakhala ndi anthu 11. Ena ntchito yawo ndi kumenya mpira ndi bati kuti apeze marani. Ena ndi oponya mpira, ofuna kugwetsa timitengo titatu tija kapena kumukola womenyayo kuti atuluke. Kawirikawiri katswiri woponya sadziwa kumenya, ndipo katswiri womenya akapatsidwa mpira kuti aponye, anzake amagwira kumutu. Ndiye pali mtundu wachitatu, wosowa ngati mvula ya mu August, umene eni masewerowa amautcha all-rounder: munthu woti timu ikhoza kumusankha chifukwa cha kumenya kokha, ikhozanso kumusankha chifukwa cha kuponya kokha. Sohail ndi wa mtundu umenewu. Pa masewero a T20 amene Malawi yasewera ndi maiko ena, iye ndiye ali ndi marani ochuluka kuposa wina aliyense, komanso ali m'gulu la otsogola pa kutulutsa adani, limodzi ndi Moazzam Baig ndi Daniel Jakiel.

Kufunika kwake kuli m'malamulo momwe. Mu T20 timu iliyonse imaponya maova 20, ndipo ova imodzi ndi mipira 6. Munthu mmodzi saloledwa kupitirira maova 4. Ndiye kuti kaputeni amafunika oponya asanu, ngakhale atafuna kapena ayi. Akatenga asanu osadziwa kumenya, theka la timu yake ndi mchira umene ukhoza kudulidwa m'mphindi zochepa. Akakhala ndi mmodzi wochita zonse ziwiri, zili ngati walowa m'bwalo ndi anthu 12. South Africa idadyerera zimenezi kwa zaka zambiri ndi Jacques Kallis, amene adapeza marani 13,289 ndi kutulutsa anthu 292 pa masewero a masiku asanu aja.

Komatu mtengo wake ulipo. Wotereyu amakonzekera kawiri, amatopa kawiri. Aponya mpira dzuwa lili paliwombo, msana ndi mawondo zikulira, kenaka osapuma n'komwe avale zotchinga miyendo kuti akapulumutse timu imene yataya anthu atatu. Akavulala, timu imataya anthu awiri tsiku limodzi. Mutu umodzi susenza denga, koma m'maiko a osewera ochepa ngati lathu, denga limatsamira pa mitu iwiri kapena itatu yomweyo chaka ndi chaka.

Kwa anansi athu, thukuta lotere limalipira. Sikandar Raza wa ku Zimbabwe, amenenso amamenya ndi kuponya, adaseweramo mu ligi yolemera ya ku India m'timu ya Punjab Kings, ndipo mu October 2024 adamenya marani 133 osatuluka pamene Zimbabwe idaunjika 344 pokumana ndi Gambia ku Nairobi. Iye kiriketi ndiye munda wake. Kuno kwathu ligi yoti munthu n'kumangira nyumba kulibe. Mwana waluso akafika Fomu 4, makolo amamufunsa funso loyenera: kodi batiyo idzakudyetsa? Ine monga mphunzitsi sindingawadzudzule makolowo.

Ngakhale zili choncho, anyamatawa ayenda mtunda. Malawi idalowa payokha m'bungwe la ICC mu 2003. Kale tinkangophatikizidwa m'timu ya maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa. Mu September 2024 ku Dar es Salaam, timu yathu idakhala yachiwiri kwa Tanzania n'kupeza malo mundime yomaliza ya mu Africa yolimbirana kupita ku World Cup, imene idachitikira ku Harare mu 2025. Kumeneko Zimbabwe ndi Namibia ndiwo adadutsa. Ndi matimu angati a dziko lino amene adafikapo pafupi chotero ndi khomo la World Cup, kupatula ma Queens? M'chaka chomwecho cha 2025, mu May, masewerowa adataya Arjun Menon wa ku Singapore, amene adagwira ntchito yaikulu yotukula timuyi, ndipo adamwalirira mu Blantyre momwemuno.

Ena amati kiriketi ndi ya amwenye ndi ana a ku Saint Andrews. Kale mwina zinali choncho. Lero onani mndandanda wa timu: muli Gift Kansonkho, muli Donnex Kansonkho. Vuto si mtundu wa munthu, vuto ndi bwalo ndi zida. Mpira wamiyendo umangofuna mapepala a pulasitiki ndi luzi, pamene kiriketi yeniyeni imafuna bati, chipewa cholimba, magolovesi ndi kamzere kosalala koponyerapo. Pa sukulu yakumudzi ngati imene ndimaphunzitsa, katundu yense wa zamasewero amakwana m'katoni imodzi. Komabe poyambira sipafuna zonsezo. Thabwa, mpira wa tenesi ndi njerwa zitatu zakwanira kuti mphunzitsi aone mwana amene ali ndi diso komanso mkono. Mwana wotere timamudziwa kale: ndi uja amagenda mango osaphonya, amenenso pa phada mpira sumupeza.

A bungwe loyendetsa kiriketi ndi a khonsolo ya mzinda akaone zimene zidachitika ku Highfield, dera la anthu wamba ku Harare losasiyana kwenikweni ndi Manja, Chilobwe kapena Ndirande. Kumeneko kalabu ya Takashinga idatola ana a m'makwalala n'kuwapatsa bwalo ndi aphunzitsi. Mudatuluka Tatenda Taibu ndi Hamilton Masakadza, onse awiri adadzakhala makaputeni a Zimbabwe. Mu June 2023, timu ya West Indies idasewera pa bwalo lomwelo, pakati pa nyumba za ku Highfield.