Kulalatira mayi wapakati si mankhwala

Alipo anthu ena, ngakhale pakati pa ogwira ntchito za Boma, amene amaganiza kuti mayi wapakati womwa kachasu mankhwala ake ndi kumulalatira pagulu. Maganizo otere ngopepera. Mayi amene wachititsidwa manyazi pamzere wa sikelo sabwererakonso mwezi wamawa. Amakabisala kumudzi ndi botolo lake, ndipo wolangika ndi mwana wosalakwa ali m'mimbayo.

Vutoli madokotala analipatsa dzina mu 1973. Mowa umadzera mumchombo nukafika kwa mwana, nuononga ubongo wake, ndipo chilema chotere sichichoka moyo wake wonse. Komabe mayi akasiya lero, mwana amapindula koposa akasiya mawa. Tsono woti asiyeyo ayenera kuyamba wabwera kuchipatala, makamaka amene mowa unamlowerera, pakuti wotereyu akausiya mwadzidzidzi popanda achipatala angathe kudwala koopsa. Wopirikitsidwa adzathandizidwa bwanji?

Mowa wa m'masacheti unaletsedwa mu 2015, koma lamulo sililowa m'nyumba momwe bambo amafika ndi botolo madzulo alionse namuthirako mkazi wake. Bambo ameneyu kusikelo saonekako, ndipo olalata aja akakumana naye panjira amampatsa moni waulemu.