Tisiye kuchita manyazi ndi mitengo ya kwathu kotentha

Loweruka lapitali ndinakawerengera ku Zomba Botanic Garden, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Malowo ndi okongola, sindikana. Mthunzi ndi wambiri, kamphepo kayeziyezi, ndipo mitengo ina ili ndi zikwangwani za mayina ake. Koma ine wa kwa Maseya ku Chikwawa ndinatulukamo mtima uli wowawa. Zomera za m'mapiri zili ndi nyumba yake, zili ndi ozisamalira olipidwa ndi boma. Nanga tsanya, msangu, bwemba ndi mlambe wa kwathu, nyumba yake ili kuti?

Munda wa ku Zomba unayambitsidwa mu 1891 ndi Alexander Whyte, nthawi ya atsamunda. Mu 1987 boma linakhazikitsa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, ndipo minda yake ikuluikulu ili ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Onsewa ndi malo okwera, ozizirirapo. Atsamunda tingawamvetse, ankathawa dzuwa ndi udzudzu. Koma ife tadzilamulira kuyambira 1964, ndipo mpaka lero mukatsika mapiri a ku Thabwa n'kuwoloka Shire, simupeza munda wotere ngakhale umodzi mpaka kukafika ku Marka.

Anthu a ku Phoenix, m'chigawo cha Arizona ku America, anaganiza mosiyana. Mzindawu uli m'chipululu cha Sonoran, mvula yake pachaka ndi pafupifupi mamilimita 200, ndipo mu 2023 kunatentha madigiri 43 kapena kuposa kwa masiku 31 otsatizana. Mu 1939 anthu ochepa okonda zomera anatsegula Desert Botanical Garden, poona kuti obwera kumene akuzula zomera za m'chipululu n'kumadzala kapinga ndi maluwa ofuna madzi ambiri. Lero alendo amalipira kuti akaone zomera zaminga zomwe kale zinkatengedwa ngati zinyalala. Ana asukulu amakaphunzirako, akatswiri amasungako mbewu za zomera zomwe zatsala pang'ono kutha.

Chikwawa si chipululu. Mvula yathu imaposa ya ku Phoenix katatu kapena kanayi. Koma matenda omwe anthu aja ankalimbana nawo mu 1939 ndi omwe tikudwala ife. Timaona ngati mtengo weniweni ndi wochokera kwina. Ndili ku pulayimale, nyengo yodzala mitengo ikafika mu Disembala, kunkabwera galimoto ndi mbande m'machubu. Tinkaimba, alendo n'kudzala umodzi, n'kujambulitsa, n'kumapita. Pofika Okutobala m'mayenje monse munkatsala timitengo touma, tina chiswe chitadya. Kuseri kwa kalasi komweko masawu ankamera okha popanda wothirira, ife n'kumawadula pa ntchito yamanja kuti ndi tchire.

Taganizani zomwe mitengo imeneyi imachita. Msangu umayoyola masamba nthawi yadzinja, motero mapira kapena chimanga chimakula bwino pansi pake, ndipo m'chilimwe umaphuka n'kupereka mthunzi ndi nyemba zodyetsa mbuzi. Tsanya amapinda masamba ake dzuwa likaswa mtengo kuti asataye madzi. Mlambe umasunga madzi m'thunthu, ndipo ufa wa malambe womwe timanyambita tili ana, mayiko a ku Ulaya anauvomereza kukhala chakudya chogulitsidwa kwawo mu 2008. Izi ndi nzeru zopirira chilala, zomwe m'makalasi mwathu timazilembera mayeso m'Chingerezi pa mutu wa kusintha kwa nyengo. Pamene tikulemba mayesowo, tsanya weniweniyo akukwera phiri panjinga m'matumba a makala kupita ku Blantyre.

Ndikudziwa zomwe ena anene. Anthu ali ndi njala, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasiya ambiri opanda pogona, ndiye iwe ukukamba za munda wa mitengo? Inde, ndipo chifukwa chake n'chomwecho. Mtsinje wa Mwanza wadzaza mchenga, umasefukira msanga chifukwa m'mbali mwake ndi kumtunda kwake mitengo inatha. Tikafuna kubwezeretsa, mbewu za mitengo yoyenera dothi lathu tizitenga kuti? Munda womwe ndikunena si wa maluwa ojambulirapo ukwati. Ndi nazale, nkhokwe ya mbewu ndiponso kalasi.

Ena ati muli kale ndi Lengwe ndi Majete. Amenewo ndi malo a nyama. Mlimi sangalowemo kukatola mbewu, ndipo mwana wa Sitandade 6 sangatsike m'galimoto kukakhudza khungwa la mtengo pomwe pali njati.

Komanso nthawi ikutha. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, cholinga chake ndi kuthirira mahekitala opitirira 40,000. Ulimi wothirira timaufuna, ineyo ndikuufuna. Koma pokonza minda ikuluikulu mathalakitala sasankha mtengo. Ngati pali malo a mahekitala masauzandemasauzande a nzimbe ndi mbewu zina, asowe bwanji mahekitala khumi pakati pa Chikwawa boma ndi Nchalo osungirapo zomwe zinali pamalopo kale? Mafumu athu, a khonsolo ndi bungwe la minda lija akhale pansi. Mtengo uliwonse ukhale ndi chikwangwani cha dzina lake m'Chimang'anja, m'Chisena ndi m'Chilatini.

Anzanga a ku UNIMA, LUANAR ndi MUST, makamaka inu akuchigwa omwe mukafunsidwa kwanu mumayankha monong'ona, pano palinso gawo lathu. Chaka chilichonse timasowa mitu ya kafukufuku n'kumabwereza zomwe ena analemba kale. Holide ikubwerayi tengani kope ndi foni, mupemphe agogo ayende nanu kudimba ndi kutchire. Lembani dzina la mtengo uliwonse, ntchito yake, ndi mwezi womwe umabereka. Tolani mbewu, muyanike, mulembe komwe mwazitola. Agogo anga amadziwa mitengo yambiri yomwe ine, wa chaka chachitatu, sindingaitchule dzina, ndipo maso awo ayamba kale kuchita khungu. Ine ndikayambira kwa iwo.