Mtsogoleri wa nthaka amadziwika ndi munda wake

Abale ndi alongo okondedwa, a kuno ku Phwezi ndi inu amene muli ku Mzuzu, ku Lilongwe, ku Blantyre ngakhalenso ku Joni, ndalemba m'Chichewa monga mwa nthawi zonse kuti apongozi athu ndi adzukulu obadwira m'tauni asatsalire m'mbuyo. Khalani pansi, pakuti lero nditalikitsa.

Nkhani yanga ndi ya munda wa mpingo, maekala awiri aja ali kuseri kwa nyumba ya abusa. Loweruka likubwerali seshoni ikhala pansi kuti igamule za mundawu, ndipo maganizo alipo awiri. Ena akuti tiubwereketse kwa mlimi wa fodya kuti ndalama yake igule malata a tchalitchi. Amayi a Umanyano apempha kuti tiwapatse kwa zaka zitatu, adzalemo nandolo, mtedza ndi soya mosinthana ndi chimanga, kuti mpingo wonse uzionerapo momwe nthaka yotopa imatsitsimukira. Ine ndili kumbali ya amayi, ndipo ndati ndineneretu zifukwa zanga poyera kuti akulu anzanga amene akuona mosiyana adzabwere atakonzeka, tisakadzidzimutsane m'vesitili.

Ndiyambe ndi kudziulula. Ndinagwira ntchito m'boma zaka zoposa 30, ndipo m'chaka cha 2005, pamene ndondomeko ya makuponi inkayamba, ndinali mmodzi wa iwo amene ankachezera ndi mabuku a mayina. Thumba la feteleza linali K950 pa kuponi, ndipo pofika 2009 linatsika kufika pa K500. Nkhokwe zinadzaza, ndipo ife amene tinaona njala ya 2002 ndi maso athu tinaomba m'manja ndi mtima wonse. Sindikuchita manyazi ndi chimwemwe chimenecho. Cholakwa changa chinali chakuti ndinayamba kukhulupirira kuti chonde chimabwera pa lole, ndi kuti mtsogoleri wa zaulimi ndi munthu amene ali ndi chidindo. Pa zaka zonsezo sindinafunsepo mayi mmodzi yemwe kuti munda wake ukudwala chiyani.

Taonani kumene tafika. Mu 2020 ndondomeko ya AIP inayamba ndi mtengo wa K4,495 pa thumba, ndipo patangopita zaka ziwiri mtengo unali K15,000. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo sipanapite nthawi yaitali thumba la m'sitolo linadutsa K100,000. Feteleza timagula kunja ndi ndalama yakunja, choncho nkhondo ikabuka ku Ukraine, mkazi wamasiye wa ku Mzokoto ndiye amagona ndi njala. Pamwamba pa izo mvula yasiya kusunga pangano: mu Malichi 2023 namondwe Freddy anasesa midzi ya kum'mwera, ndipo chaka chotsatira boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Munda umene bambo anga ankakolola ngolo zingapo popanda kuthira kanthu, lero ukufiira ndi kaufiti, ndipo khasu likamenya pansi limalira ngati lagunda mwala.

Tsono ndikufuna ndikuuzeni za anthu amene anaona zimenezi kale ife tisanadzuke, ndipo sali kutali. Ali pa msewu wathu womwewu wa M1, musanafike ku Mzuzu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pa chipatala cha Ekwendeni, chimene ndi cha Sinodi yathu ya Livingstonia, ana onyentchera ankagonekedwa, kuchira, kubwerera kumudzi, kenaka n'kubweranso ali chimodzimodzi. Namwino wina, Mayi Esther Lupafya, pamodzi ndi wophunzira wochokera ku Canada, Rachel Bezner Kerr, anayamba kufunsa makolo a anawo. Yankho linali lofanana khomo ndi khomo: nthaka yatha, feteleza sitingamukwanitse, tikudya chimanga chokha ndipo chimatha dzinja lisanafike pakati. Pamenepo m'chaka cha 2000 panabadwa ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities, imene ambiri amangoti SFHC, kutanthauza nthaka, chakudya ndi midzi ya thanzi. Inayamba ndi alimi owerengeka, ndipo lero ikugwira ntchito ndi alimi zikwizikwi. Mu 2012 inafikanso ku Lobi m'boma la Dedza, alimi akuphunzitsa alimi anzawo.

Chimene anachita n'chosavuta kuchimva. Mbewu za mtundu wa nyemba, monga nandolo, mtedza, soya ndi kalongonda, zimakhala ndi timibulu kumizu, m'mene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tizilomboti timatenga chakudya cha mbewu chija chotchedwa nayitrojeni kuchokera mu mpweya, chomwechomwecho chimene timagula m'thumba la Urea. Alimi a ku Ekwendeni anayamba kudzala nandolo pamodzi ndi mtedza m'munda umodzi. Mtedza umacha msanga n'kukumbidwa, nandolo amatsala akukula, mizu yake ikuboola chigwagwa cha pansi pa mizere ndipo masamba ake akuyoyokera pansi. Akakolola, masangwi onse amakwiriridwa m'nthaka m'malo motenthedwa, ndipo chaka chotsatira mumalowa chimanga. Banja limapeza ndiwo, nsinjiro ndi phala la ana, pamene nthaka ikupeza chakudya chake. Kafukufuku amene anachitika kumeneko anaonetsa kuti ana a m'mabanja amene anakhalitsa pa ntchitoyi ankakula bwino kuposa poyamba.

Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi utsogoleri wake, ndipo ndapezamo zinthu zitatu zimene ife akulu a mpingo tiyenera kuzisinkhasinkha.

Choyamba, anthuwa anapereka kafukufuku m'manja mwa alimi eni ake. Midzi inasankha amuna ndi amayi oti ayese mbewuzo pa timinda tating'ono, aone, ayerekeze, ndi kuuza anzawo chimene chayenda ndi chimene chakanika. Munthu wa digiri anakhala pa mkeka n'kumalemba zimene mlimi akunena. Ife m'masiku athu tinkafika pa galimoto, kulankhula mphindi makumi atatu, kusainitsa, n'kumapita fumbi lili koboo. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo tinadyetsa dziko.

Chachiwiri, sanaope kulowa m'nyumba. Anapeza kuti mtedza ukhoza kuchuluka m'munda koma mwana n'kumaondabe, chifukwa bambo wagulitsa wonse n'kukamwera, kapena chifukwa mayi watopa ndi kulima, kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kuphika payekha. Anapezanso kuti mawu a agogo aakazi ndi amene amalamula zoti khanda lipatsidwe dawale lisanafike msinkhu. M'malo monyoza agogowo, anawaitana kuti akhale nawo pa zokambirana. Anayambitsa masiku ophika pamodzi, pamene amuna amagwira mthiko pamaso pa mudzi wonse. Abambo a Madodana, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwaseka. Inenso ndinaseka, kufikira tsiku limene mayi a kunyumba anagonekedwa sabata ziwiri, ine n'kuzindikira kuti pa zaka zoposa 60 sindidziwa kuphika nsima yopanda mibulu.

Chachitatu, atsogoleri amenewa amadya za m'munda umene akulalikira. Mmodzi wa iwo ndi Mayi Anita Chitaya a m'mudzi wa Bwabwa kufupi ndi Ekwendeni. Kanema wotchedwa The Ants and the Grasshopper, amene anatuluka mu 2021, akuwaonetsa akuchoka kumudzi kwawo kupita ku America, kukakhala pansi ndi alimi a kumeneko mpaka kukafika ku Washington, kukawauza kuti utsi wa mayiko olemera ukusokoneza mvula ya kwathu kuno. Ena anawamvera, ena anangowayang'ana. Atatha ulendowo anabwerera ku khasu lawo. Rachel Bezner Kerr uja, amene tsopano ndi pulofesa pa yunivesite ya Cornell, anali mmodzi wa otsogolera kulemba gawo la chakudya mu lipoti la 2022 la bungwe la United Nations loona za kusintha kwa nyengo. Zimene dziko lapansi likuwerenga m'malipoti otere, zina zinaphunziridwa m'minda ya kuno kumpoto, ife oyandikana nayo tili m'tulo.

Sindikufuna kukunamizani kuti njira imeneyi ilibe minga, pakuti amene akutsutsa ali ndi mfundo zomveka ndipo ndiwayankhe mwaulemu.

Akuti tchalitchi chikudontha ndipo nandolo sagula malata. N'zoona kuti chikudontha, ine ndimakhala pa benchi yomwe imanyowayo. N'zoonanso kuti fodya waphunzitsa ana ambiri a m'chigwa cha Henga, kuphatikizapo anga. Koma wobwereka munda amafuna phindu la chaka chimenecho, ndipo alibe chifukwa chosamalira nthaka imene adzaisiya mawa. Adzafunanso mitengo ya zigafa, ndipo mitengoyo idzachokera m'phiri lomwelo limene tikulidandaula kuti layera. Malata tikhoza kusonkha, ndipo inu a ku Joni ndi ku Lilongwe mwakhala mukutithandiza pa zazikulu kuposa izi. Nthaka ikakokoloka n'kulowa mu South Rukuru, palibe chopereka chimene chingaibweze.

Akutinso msika wa nandolo ndi wosadalirika. Apanso sakunama. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo unagwa ndipo alimi ambiri, makamaka kum'mwera, analira. N'chifukwa chake ndikuti tiyambe ndi mphika, msika ubwere pambuyo. Nandolo amene sanagulidwe amadyeka, pamene fodya amene wabwezedwa ku okushoni simungamuthire mchere.

Ena akuti mbuzi ndi ng'ombe zidzatha nandoloyo m'chilimwe, popeza ziweto timazitayirira tikangokolola chimanga. Limeneli ndi vuto lenileni, ndipo amayi paokha sangalithetse. Likufuna mafumu athu ndi ife eni ziweto. Ngati timatha kugwirizana za tsiku lolambula kumanda, tingalephere bwanji kugwirizana za miyezi yomangirira mbuzi? Moto wolusa wa osaka mbewa nawonso ukufuna lamulo la mudzi lokhala ndi mano. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo pasapezeke wina wokanena kuti mkulu uja waletsa feteleza. Sindinaletse. Amene muli naye thirani. Ndikunena kuti feteleza wothiridwa pa nthaka yopanda manyowa ali ngati madzi otungira m'dengu. Ambiri mwa inu mwayamba kale kupanga manyowa a Mbeya, kusakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, n'kuzisunga m'thumba sabata zitatu. Nzeru yake ndi yomweyo: kachepa kamene tili nako kafike patali. Onaninso chimanga chimene chimamera pansi pa mtengo wa msangu, umene umayoyola masamba nthawi ya mvula pamene mitengo ina ikuphuka. Makolo athu sankaudula mtengo umenewu, ndipo sanapite ku koleji ya zaulimi.

Za mitengo ndinenepo mawu amodzi. Chaka chilichonse nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo. Timavala bwino, timajambulitsa, timadzala, ndipo pofika Okutobala mbande zonse zauma popeza palibe anazithirira kapena kuzilambulira. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, komabe matumba a makala akundandabe m'mbali mwa msewu, ndipo ogula ake ndife tomwe, ena titavala jekete la ukulu wa mpingo. Wootcha makala ndi mbale wathu amene munda wake unaleka kumudyetsa. Tikachiritsa munda, tapeputsako nkhwangwa m'phiri. M'malire mwa munda wa mpingo tikhoza kudzala mitengo 50 yokha, uliwonse n'kukhala ndi dzina la banja louyang'anira, ndipo chaka chamawa tidzawerenge pamaso pa onse kuti yapulumuka ingati.

Pempho langa ku seshoni lili motere. Tipereke mundawu kwa amayi a Umanyano kwa zaka zitatu, ndipo wotsogolera asankhidwe ndi iwo eni, poyang'ana munda wake ndi nkhokwe yake, ngakhale atakhala kuti sukulu analekezera sitandade 5. Tiugawe pawiri, mbali ina tilime monga mwa masiku onse, mbali ina mwa njira yatsopanoyi, ndipo zokolola ziyezedwe ndi kulembedwa m'buku. Ine ndadzipereka kukhala mlembi wawo, popeza kulemba m'mabuku ndiyo ntchito yokhayo imene ndimaidziwa bwino. Titumize amayi awiri ndi abambo awiri ku Ekwendeni kuti akaone ndi maso, ndipo thiransipoti ya mmodzi ndilipira ndine kuchokera pa penshoni yanga. Abambo a Madodana tigwire makasu pa tsiku lokwirira masangwi, pakuti ntchito imeneyo ndi yolemetsa ndipo tikaisiyira amayi okha tidzakhala tawawonjezera mtolo. Mbewu yoyamba kukololedwa isungidwe ndi kubwereketsedwa kwa amasiye ndi okalamba, adzabweze akakolola. Zikakanika pakutha pa zaka zitatu, ndidzaimirira kutsogolo kwa mpingo ndi kuvomera kuti ndinalakwa, ndipo buku lidzakhala mboni.

Inu ana athu a m'tauni, mukamatumiza ndalama ya feteleza chaka chino, muwonjezerepo ya makilogalamu awiri a nandolo ndi ndowa ya mtedza wa mbewu, ndipo mufunse amayi anu kuti mapesi a chaka chatha anapita kuti. Mukalowa m'tchalitchi Lamlungu mudzamve nkhani ya munthu woyamba uja amene anaikidwa m'munda, mukumbukire kuti anapatsidwa ntchito ziwiri, yolima ndi yosunga. Yoyambayo taigwira mpaka manja kuchita zikang'a. Yachiwiriyo ndi imene tikukakambirana Loweruka.

Amene muli ndi maganizo ena lembani pansipa mwaulemu, ndidzawerenga onse ndisanapite ku seshoni. Ambuye akusungeni nonse.